Zolemba za Ntchito: Kutsata Ana a Radial Glia mu Ubongo wa Mluza wa Mbewa

Funso la ntchitoyi ndi limodzi. Selo loyambitsa manyuroni (maselo a ubongo otumiza mauthenga), lomwe limatchedwa radial glia, likagawikana m'khungwa la ubongo wa mluza wa mbewa pa tsiku la E13.5 (E ndi masiku a mluza m'mimba, kuwerengera pa kukwerana), ana ake awiri amakhala chiyani, ndipo chimagamula n'chiyani? Khungwa tikunenali ndi cortex, chikuto cha pamwamba pa ubongo chomwe pokhwima chimakhala ndi nsanjika zisanu ndi imodzi za manyuroni.

Sabata 1. Kuwerenga masiku

Chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama chatuluka, ndiye kukweretsa mbewa kwayamba. Tasankha mtundu wa CD1 chifukwa umabereka ana ambiri pa mimba imodzi, ndipo zazikazi zake zimapirira opareshoni ndi kulera bwino kuposa za C57BL/6. Yaikazi imalowetsedwa kwa yaimuna madzulo, m'mawa n'kuchotsedwa. Ikapezeka ndi pulagi, kanthu koyera kolimba kotseka njira yake, masana a tsiku limenelo ndiwo E0.5.

Zochotsa m'mawazi n'zosakambirana. Mimba ya mbewa ndi ya masiku 19 kapena 20, ndipo manyuroni obadwira mu cortex amabadwa pakati pa E11 ndi E17. Takahashi, Nowakowski ndi Caviness anaonetsa mu 1995 kuti m'masiku asanu ndi limodzi amenewa maselo amagawikana maulendo 11. Ulendo woyamba umatenga maola ngati 8, womaliza maola ngati 18, ndipo gawo lomwe limatalika kwambiri ndi G1, nthawi yomwe selo limakula lisanayambe kukopera DNA. Ndiye kuphonya ndi theka la tsiku koyambiriraku ndi kuphonya m'badwo wathunthu wa maselo. Pachifukwa ichi mluza uliwonse uziyang'anidwa manja usanadulidwe. Pa E13.5 zala zimakhala zitalembeka koma zikadali zolumikizana ngati za bakha, pomwe pofika E14.5 nsonga za zala za kutsogolo zimakhala zitapatukana. Pulagi ikanena china manja n'kunena china, timamvera manja.

Sabata 2 ndi 3. Kudula ndi kupaka

Tisanagwire selo lililonse, tafuna tione kaye kuti khoma la ubongo limaoneka bwanji lisanasokonezedwe. Mitu ya miluza ya E11.5, E13.5 ndi E15.5 yaviikidwa mu PFA (mankhwala olimbitsa mnofu kuti usaole) ya 4% pa madigiri 4, kenako mu sucrose ya 30% mpaka yamira, n'kuumitsidwa mu OCT ndi kudulidwa pa cryostat tizidutswa ta 14 µm.

Ulendo woyamba Tbr2, imodzi mwa mapuloteni ozindikiritsa mitundu ya maselo omwe timawaonetsa popaka maantibodi, sinaoneke n'komwe. Mitu inali itagona mu PFA usiku wonse, ndipo PFA ikachuluka imamanga mapuloteni mwakuti antibodi imasowa pogwira. Tatsitsa nthawi kufika maola awiri kapena atatu, n'kuwonjezera kuphika masilaidi mu sodium citrate ya 10 mM, pH 6.0, pa madigiri 95 kwa mphindi 15. Apo Tbr2 yatuluka bwinobwino, koma tizidutswa tina tamatuka n'kuyandama. Mankhwala ake ndi kuumitsa masilaidi kwa ola lathunthu asanaphikidwe, ndi kuwasiya azizire okha momwemo mu citrate. Vuto lina linali la kugula: maantibodi a Pax6 ndi Tbr2 onse anali a kalulu, motero sakanapakidwa pa chidutswa chimodzi. Tasintha wa Tbr2, pano ndi wa khoswe.

Pa E13.5 khoma likuoneka motere, kuchokera mkati kupita kunja. M'mphepete mwa mphako ya madzi, yomwe ndi ventricle, muli mzere wokhuthala wa manyukiliyasi a Pax6 ndi Sox2. Iyi ndiyo VZ (ventricular zone), kwawo kwa maselo a radial glia. Selo lililonse lili ndi phazi lalifupi lopondera pa mphako ndi ulusi wautali wofika ku pia, kachikopa kokuta ubongo. Pamwamba pake pali SVZ (subventricular zone), modzaza maselo a Tbr2, omwe ndi maselo apakati: si radial glia, komanso sanafike pokhala manyuroni. Kupitirira apo Tuj1, chizindikiro cha manyuroni aang'ono, imawala, ndipo kunja kwenikweni kuli manyuroni a Tbr1. Ndondomeko ya Pax6, Tbr2, Tbr1 imeneyi ndi imene Englund ndi anzake analongosola mu 2005. Maselo ochepa a mu VZ ali ndi Pax6 ndi Tbr2 pamodzi. Amenewo ndi apakati ongobadwa kumene omwe sanasamuke, ndipo powerenga aziikidwa pagulu laokha.

Kwa zaka zambiri radial glia ankatengedwa ngati makwerero chabe, kuchokera pomwe Pasko Rakic anaonetsa mu 1972 kuti manyuroni aang'ono a nyani amakwera pa ulusi wake. Zoti makwererowo ndiwo amabalanso manyuroni zinatsimikizika mu 2000 ndi 2001, ndi ntchito za Malatesta ndi Götz, Noctor ndi Kriegstein, komanso Miyata.

Utoto wa pH3, womwe umagwira maselo omwe ali mkati mogawikana, ukuonetsa magulu awiri: mzere wowongoka m'mphepete mwenimweni mwa mphako, ndi madontho obalalika mu SVZ. Mzerewo ulipo chifukwa nyukiliyasi ya radial glia siikhala malo amodzi. Imakwera kumtunda kwa VZ mu G1, imakopera DNA ili komweko, imatsika mu G2, gawo lotsatira kukoperako, n'kugawikana itafika pa mphako. Sauer anaziona zimenezi mu 1935. Madontho a mu SVZ ndi maselo apakati, omwe alibe phazi pa mphako ndipo amagawikana pomwe ali.

Zinthu ziwiri zatsala pang'ono kutipusitsa powerenga. Choyamba ndi magazi. Pa msinkhu uwu maselo ofiira ambiri a mluza amakhala akadali ndi nyukiliyasi, ndipo amawala okha pa mtundu uliwonse wa kuwala. Selo lobulungira lomwe likuwala mobiriwira, mofiira ndi mwa DAPI (utoto wa nyukiliyasi) nthawi imodzi, litakhala mu kanjira kopapatiza, ndi magazi, lisawerengedwe. Chachiwiri ndi malo. Cortex siyambira pamodzi: mbali ya kumphepete ndi ya kutsogolo imatsogola, ya chapakati ndi ya kumbuyo imatsalira. Pa chidutswa chimodzi chomwecho mutha kupeza misinkhu iwiri. Lamulo lomwe takhazikitsa ndi kuwerenga mu kabokosi ka 100 µm m'lifupi, kuyambira pa mphako kufika ku pia, pa mtunda wofanana kuchokera pa ngodya yomwe cortex imakumana ndi ganglionic eminence, gawo lotumphuka la kumunsi kwa ubongo wa mluza. Wowerenga asadziwe kuti chithunzi n'cha gulu liti.

Sabata 4 ndi 5. Tsiku lobadwa la nyuroni

EdU imalowa mu DNA ya selo lililonse lomwe likukopera DNA pa nthawi ya jakisoni. Yaikazi ya pakati imabayidwa m'mimba kamodzi. Pa zoyesa za maola ochepa tagwiritsa ntchito 50 mg pa kilogalamu, koma kwa ana omwe akuyenera kubadwa n'kukula tatsitsa kufika 10 mg, chifukwa EdU yambiri ikakhalitsa mu DNA imavulaza maselo.

Patatha mphindi 30, chizindikiro chili kumtunda kwa VZ, kutali ndi mphako, monga mmene kayendedwe ka nyukiliyasi kamanenera. Patatha maola awiri, maselo oyamba okhala ndi EdU ayamba kufika pa mphako ali ndi pH3. Patatha maola 24 tawonjezera Ki67, chizindikiro cha maselo omwe akadali kugawikana: selo la EdU lopanda Ki67 lasiya kugawikana, ndipo chiwerengero cha oterowo pa maselo onse a EdU ndicho muyeso wathu wa kutuluka mu mzungulire wa kugawikana. Muyesowu ndi waukulu pa E15.5 kuposa pa E12.5, zomwe n'zoyembekezeka.

Kuonetsa EdU kumafuna kopa ndi ascorbate. Ascorbate isungunulidwe tsiku lomwelo. Ikayamba chikasu ndiye kuti yatha mphamvu, ndipo chidutswa chimangotuluka chakuda. Kopayo amazimitsa kuwala kwa GFP, puloteni yowala mobiriwira yomwe tizilowetsa mu maselo, choncho pa tizidutswa ta GFP tizidalira antibodi ya GFP, osati kuwala kwake kwachibadwa. Ngakhale zili choncho EdU ndi yabwinobe kuposa BrdU, njira yakale ya ntchito yomweyi, yomwe imafuna HCl ya 2 N kwa theka la ola ndipo asidiyo amaononga malo ogwira maantibodi ena.

Ana omwe analandira EdU ali m'mimba adulidwa pa P7, tsiku lachisanu ndi chiwiri atabadwa, manyuroni atamaliza ulendo. Apa pofunika kusamala ndi kuwala. Nyukiliyasi yowala kwambiri, yodzaza yonse, ndi ya selo lomwe linagawikana komaliza litangolandira EdU. Yozirala kapena ya madontho ndi ya mdzukulu, chifukwa kugawikana kulikonse kumadula chizindikiro pakati. Tikuwerenga zowala zokha. Obadwa pa E12.5 ambiri ali mu nsanjika ya 6 ndipo ali ndi Tbr1. A E13.5 akuchuluka mu nsanjika ya 5, momwe muli manyuroni aakulu a Ctip2 otumiza ulusi ku msana. A E15.5 ali pamwamba, mu nsanjika ya 2 ndi 3, ali ndi Cux1 ndi Satb2. Wobadwa mochedwa amadutsa akulu ake onse n'kukakhala pamwamba pawo. Angevine ndi Sidman anaona zimenezi mu 1961 ndi thymidine ya radioactive, ndipo kudutsanaku kumafuna puloteni ya Reelin yochokera ku maselo a Cajal-Retzius a pansi pa pia. Mu mbewa za reeler, zomwe zilibe Reelin, nsanjika zimakhala ngati zatembenuzika.

Sabata 6 mpaka 8. Kulowetsa DNA ndi magetsi

EdU imauza tsiku lobadwa koma siuza kholo. Kuti tione selo ndi ana ake, tikulowetsa plasmid (kamkombero ka DNA) ya GFP mu radial glia mluza uli m'chiberekero, njira yomwe Saito ndi Nakatsuji komanso Tabata ndi Nakajima anafalitsa mu 2001.

Yaikazi imagonetsedwa ndi isoflurane pa kabedi kofunda, itapatsidwa kale mankhwala opha ululu. Mimba imang'ambidwa pakati, nyanga ya chiberekero n'kutulutsidwa pa gozi wonyowa, ndipo imathiridwa saline wa madigiri 37 pafupipafupi. DNA ndi ya 1 µg pa µl, yosakaniza ndi Fast Green wa 0.05%. Singano ya galasi imaboola khoma la chiberekero n'kulowa mu mphako ya mbali imodzi, ndipo pafupifupi 1 µl imakankhidwa. Mukalasa bwino, mkati mwa mutu mumaoneka kachigamba kobiriwira kooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Utoto ukamwazikana mopanda malire ndiye kuti singano yalowa mu mnofu, mluza umenewo ulembedwe kuti walephereka. Kenako mutu umagwidwa ndi zopanira za 5 mm: magetsi a 33 V, kugunda kasanu, kulikonse 50 ms, kupumira 950 ms pakati. DNA imathamangira ku chopanira cha positive. Zopanira zisayandikire nsengwa kapena mtima. Miluza yoyandikana ndi khomo la chiberekero timaisiya osaigwira, chifukwa ikafa imatseka njira ya ena pobadwa. Ntchito yonse isapitirire theka la ola.

Zalephereka zitatu, ndipo chilichonse chili ndi chifukwa chake chodziwika.

Mimba imodzi inatayika yonse. Plasmid inali yotsukidwa ndi kiti wamba, ndipo zotsalira za makoma a mabakiteriya zimatupitsa chiberekero. Kuyambira pano DNA yonse ikutsukidwa ndi kiti yochotsa endotoxin.

Mu miluza ina GFP yapezeka mu maselo oyenda chopingasa, okhala ndi mkono wa nthambi kutsogolo, osati okwera ulusi. Chopanira cha positive chinatsika kwambiri, DNA n'kulowa mu ganglionic eminence. Kumeneko ndi kumene kumabadwira manyuroni a GABA, omwe amayenda ulendo wautali chopingasa kuti akalowe mu cortex, monga Anderson ndi anzake anaonetsera mu 1997. Ndi okongola, koma si a funso lathu. Chopanira chiziloza kumwamba ndi kumbali, cha pamwamba pa diso.

Chachitatu, GFP inachuluka mwakuti VZ yonse inangokhala chibiriwiri, selo ndi mnzake osasiyanitsika. Tasintha n'kugwiritsa ntchito maplasmid awiri: wa GFP wotsekedwa ndi loxP pa mlingo wonse, ndi wa Cre, kiyi yotsegula loxP, wosungunulidwa kufika nanogalamu zochepa pa µl. Maselo ochepa okha amalandira Cre, koma olandirawo amawala mokwanira mpaka ulusi wonse kuoneka. Promoter, gawo la DNA loyatsa jini, ndi CAG. Promoter ina, ya CMV, imazilala mu manyuroni akamakhwima.

Sabata 9 ndi 10. Kuonera amoyo

Patatha maola 18 mpaka 24 kuchokera pa magetsi, ubongo umachotsedwa mu madzi ozizira a ayezi, umakwiriridwa mu agarose ya 4% yosungunuka pa kutentha kochepa, n'kudulidwa pa vibratome zidutswa za 300 µm. Agarose ikhale itatsika kufika madigiri 37 isanakhudze ubongo. Yotentha imapha kunja kwa cortex, ndipo pia ikamatuka ulusi wa radial glia umafota, manyuroni n'kusochera. Zidutswa zimagonekedwa pa kansalu ka mabowo a 0.4 µm, pa madigiri 37 ndi CO2 ya 5%, ndipo zimapumula maola awiri zisanajambulidwe. Tikujambula mphindi 10 zilizonse, pa kuya kopitirira 40 µm kuchokera pomwe mpeni wadutsa, laser ili pansi kwenikweni. Chizindikiro choyamba choti kuwala kwachuluka n'chakuti selo limatsika pa mphako, n'kubulungira, koma osagawikana kwa maola.

Mu zidutswa zathanzi nkhani yomwe ikubwerezabwereza ndi iyi. Nyukiliyasi imatsika mofulumira, selo limabulungira pa mphako, ulusi wake wautali umaonda ngati ukufuna kuduka koma suduka. Selo limang'ambika choimirira, ana awiri n'kukhala moyandikana. Poyamba amafanana ngati mapasa. Patapita maola angapo mmodzi, kawirikawiri yemwe watenga ulusi, amakwera pang'ono n'kutsalabe ndi phazi lake pa mphako. Ameneyo ndi radial glia. Winayo amazula phazi, amasamukira ku SVZ, amamera timanja tambirimbiri tomangotuluka ndi kubwerera, ndipo mawa lake amabulungira n'kugawikana komweko. Ana ake awiri sagawikananso. Zidutswa zikaumitsidwa pomaliza n'kupakidwa, wozula phaziyo amapezeka ndi Tbr2, ndipo adzukulu ali ndi Tuj1. Ana osanduka nyuroni mwachindunji, osadzera mwa wapakati, alipo koma ndi ochepa pa msinkhu uwu. Izi zikugwirizana ndi zomwe magulu a Haubensak, Noctor ndi Miyata anapeza mu 2004. Phindu la wapakati n'loonekeratu: radial glia yagawikana kamodzi, yadzisunga, koma manyuroni atuluka awiri.

Chomwe chimasiyanitsa mapasa aja kwambiri ndi Notch, puloteni ya pa khungu la selo yolandira uthenga kuchokera ku maselo oyandikana. Maselo apakati ndi manyuroni aang'ono amanyamula Delta-like 1 pa khungu lawo, ndipo akakhudza radial glia amadzutsa Notch, yomwe imayatsa Hes1 ndi Hes5. Awiriwa amapondereza Neurog2, jini yoyambitsa ulendo wokhala nyuroni. Kunena kwina, mwana wochoka ndi amene amauza wotsala kuti akhale. Gulu la Kageyama ku Kyoto linaonetsa mu 2008 kuti Hes1 siyaka mosalekeza: imakwera ndi kutsika pa maola awiri kapena atatu aliwonse, Neurog2 n'kumasinthana nayo. Hes1 ikazimiratu, Neurog2 imakhazikika ndipo selo limanyamuka. Izi zili ndi tanthauzo pa kawerengedwe kathu. Selo la mu VZ lomwe lapezeka ndi Neurog2 pa chidutswa choumitsa silinatsimikize kalikonse, mwina langojambulidwa pa nsonga ya funde. GFP wamba singathandize apa, chifukwa imakhala pafupifupi tsiku lathunthu isanaphwanyidwe. Pafunika reporter yosakhalitsa, ndiye kuti puloteni yowala yosonyeza nthawi yomwe jini yayaka.

Sabata 11. Kutseka Notch

Zidutswa za E13.5 zagawidwa pawiri: zina DAPT ya 10 µM, zina DMSO (chosungunulira DAPT) yokha pa mlingo wofanana, wosapitirira 0.1%. DAPT imatseka gamma-secretase, mpeni womwe umadula Notch kuti mchira wake ulowe mu nyukiliyasi. Zidutswa zoyerekezana zichokere mu ubongo umodzi ndi pa kuya kofanana, pa chifukwa chija cha misinkhu.

Patatha tsiku, VZ yaonda, Pax6 yachepa, Tbr2 yachuluka mpaka m'mphepete mwa mphako, ndipo maselo ambiri a GFP azula mapazi. Pa tsiku lachiwiri Tuj1 ndiyo yadzaza. Cleaved caspase-3, chizindikiro cha maselo omwe akufa, sinasiyane kwenikweni pakati pa magulu awiriwa, ndiye kuonda kwa VZ ndi kusamuka, si imfa.

Pano pali msampha pomasulira. Chithunzi cha tsiku lachiwiri chikuonetsa manyuroni ambiri, ndipo wina atha kulemba kuti kutseka Notch kumachulukitsa manyuroni. Ayi, uku n'kudya mbewu. Gao ndi anzake, pogwiritsa ntchito MADM (njira yopatsa selo limodzi ndi ana ake utoto wowasiyanitsa) mu 2014, anapeza kuti radial glia imodzi ikayamba kubala imatulutsa manyuroni 8 kapena 9 motsatizana, oyamba a nsanjika za pansi, otsiriza a pamwamba. Yomwe yasanduka nyuroni pa E13.5 yataya ana onse omwe ikanabala pa E14, E15 ndi E16, ndipo nsanjika za pamwamba ndizo zimasowa. Matenda obadwa ndi mutu waung'ono amakhudza maselo omwewa. Majini monga ASPM, WDR62 ndi CDK5RAP2 amagwira ntchito pa centrosome ndi pa ulusi wogawa makromozomu, ndipo akaonongeka maselo oyambitsa amatha msanga, ena posanduka nthawi isanakwane, ena pofa. Kachilombo ka Zika nako kamalowa mu maselo oyambitsa omwewa.

DAPT payokha si umboni wokwanira, chifukwa gamma-secretase imadulanso N-cadherin ndi mapuloteni ena, ndipo N-cadherin ndiyo imamata mapazi a radial glia pa mphako. Kuzuka kwa mapazi kutha kukhala kwa njira imeneyo. Tibwereza ndi dominant-negative MAML1 yolowetsedwa ndi magetsi, yomwe imatseka Notch mu nyukiliyasi ya selo lolandira lokha, oyandikana nalo osakhudzidwa.

Pomwe mbewa imalekezera

Polemba zotsatira tisaiwale kuti cortex ya mbewa ndi yosalala ndipo ili ndi manyuroni pafupifupi 14 miliyoni, pomwe ya munthu ili ndi pafupifupi 16 biliyoni ndipo imabala kwa miyezi. Mwa munthu, nyani ndi ferret muli gulu lalikulu la radial glia a kunja, omwe Hansen ndi Fietz analongosola mu 2010: ali ndi ulusi wofika ku pia koma alibe phazi pa mphako, ndipo amagawikana maulendo ambiri. Mu mbewa ndi owerengeka. Mu makanema athu selo loterolo likaoneka lilembedwe padera, lisaphatikizidwe ndi apakati.

Sabata 12. Zomwe zili m'manja

Chotsatira ndi mapeto a kubala. Cha ku E17 ma radial glia ambiri amatha, ndipo ena amasiya manyuroni n'kuyamba kubala astrocyte, maselo othandizira manyuroni, njira ya JAK-STAT ikatsegula majini monga GFAP. MADM inaonetsa kuti pafupifupi radial glia imodzi mwa 6 ndiyo imafika pamenepo. Plasmid yathu singaonetse zimenezi. Siilowa mu kromozomu, ndiye imadulidwa pakati pa kugawikana kulikonse, ndipo selo lomwe lagawikana kwambiri, lomwenso ndi limene tikulifuna, limatsala lakuda. Takonza GFP ya piggyBac yomwe transposase imaisokera mu kromozomu. Magetsi adzachitika pa E13.5 ndi pa E16.5, pa E16.5 tidzakweza kufika 40 V chifukwa mutu ndi waukulu, ndipo ana adzadulidwa pa P21, kupakidwa NeuN, S100β ndi Olig2, zizindikiro zosiyanitsa manyuroni ndi maselo othandizira. Zazikazi za gulu la E16.5 zalowetsedwa kwa zazimuna dzulo madzulo. Zomwe sizinapezeke ndi pulagi m'mawa uno zisungidwe padera ndi kuyezedwa sikelo pa tsiku la 10, chifukwa pulagi nthawi zina imagwa isanaonedwe.